Agemu ndi Abuluzi a M'madzi a ku Nechells

Lamlungu lapitali tinakumbukira kuti patha chaka Bambo Mbewe atatisiya. Abusa anatchula dzina lawo lonse, Yelemiya Mbewe, ndipo ndinaona anthu angapo akuyang'anizana ngati akufunsana kuti ameneyo ndiye ndaninso. Tonse tinkawadziwa ndi dzina lakuti Agemu. Anagwira ntchito yolondera nyama zakutchire ku Kasungu kuyambira ali ndi tsitsi lakuda mpaka imvi zitati mbuu, ndipo kwawoko alonda a nyama amatchedwa a gemu. Dzinalo linakwera nawo ndege n'kudzatsika nawo ku Birmingham. Ngakhale ana obadwira kuno, amene ukawapatsa moni m'Chichewa amakuyankha m'Chingerezi, ankawaitana Agemu, osadziwa n'komwe kuti dzinalo likutanthauza chiyani.

Ine ndinawadziwira kwa mwana wawo Esinati, mnzanga amene timagwira naye ntchito ya unamwino ku Bordesley Green. Mayi ake atamwalira, Esinati anamva kuti bambo ake akungokhala pakhonde tsiku lonse osalankhula ndi munthu, ndipo anawaitanitsa. Tonse tinkati munthu wa kutchire ngati ameneyu sakhalitsa m'nyumba zothinana zakunozi. Koma anakhala zaka zingapo, ndipo mzindawu anaudziwa m'njira imene ife tinali tisanaiganizepo.

Ankayenda maso ali pansi. Ukakumana nawo pamsewu unkaganiza kuti ataya kiyi. Esinati akangonyamuka kupita ku shifiti ya m'mawa, iwo ankavala jekete lawo la matumba ambirimbiri n'kutsikira ku ngalande yaikulu ija imene inkadutsamo mabwato a malasha kalekale. Ankabwerako dzuwa litapendeka, ali ndi nkhani: nkhandwe ya kuseri kwa mafakitale yaswa ana atatu, mmodzi amatsimphina mwendo wakumbuyo, kakowa uja wasamuka pamlatho chifukwa anthu ayamba kuwedza pamenepo. Zonsezi ankazilemba m'kabuku ndi pensulo, monga ankachitira pa patulolo. Ankadandaula kuti nthaka ya ku England anaitseka pakamwa ndi simenti, moti chinthu chikadutsa sichisiya uthenga. Tsiku limene anaona chipale chofewa chitagwa koyamba, ife tikudandaula za mabasi, iwo anatuluka opanda chipewa, akumwetulira ngati alandira kalata yakwawo. Anati lero lokha nthaka yatsegula pakamwa. Anatiuza ndi amene anadutsa pakhomo pa Esinati m'mamawa umenewo: mphaka wa aneba, nkhandwe, ndi munthu wamtali wovala nsapato zomukulira.

Panja ankalankhula monong'ona, ngakhale pali phokoso la malole. Poyenda ndi anthu sankafuna kukhala patsogolo kapena pambali. Ankatsalira kumbuyo, kuti aone kuti palibe wasochera. Ndipo akaima pasiteji ya basi ankawerama, kutapa kafumbi ndi zala ziwiri n'kukasiya kuti aone kolowera mphepo. Esinati ankachita nazo manyazi. Tsiku lina anawafunsa kuti kodi pali njati yanji pa siteji ya basi imene ingawanunkhize. Iwo anangoti dzanja likazolowera silipempha chilolezo kwa mutu.

Chimene chinkawatenthetsa mutu chinali lamulo limene linkakambidwa kumudzi m'zaka zimenezo, lofuna kuti anthu okhala m'mphepete mwa malo osungirako nyama akhale ndi mawu pa kasamalidwe ka nyamazo, boma lisamangolamula lokha lili ku Lilongwe. Aliyense wopita kutchuthi ankadziwa kuti Agemu safuna kambuzi kapena ufa woyera. Ankafuna nyuzipepala. Ngakhale yokulungira usipa ankailandira ndi manja awiri, kuisita bwinobwino kuti iwongoke, n'kuiwerenga ikununkha nsomba. Analembanso kalata yaitali ya pamanja kwa phungu wakwawo. Ngati inawerengedwa sindikudziwa.

Maganizo awo pa lamuloli anali ovuta kuwagwira mchira. Ankati bwana wa muofesi sanagonepo pamsanja kudikira njovu, ndipo sadziwa kuti chimanga cha chaka chathunthu chimatha munthu asanamalize kusuta fodya. Ankati nyama imene imadya m'munda mwako, koma iwe osaloledwa kunenapo kanthu, imasanduka mdani, ndipo palibe amene amaweta mdani wake. Choncho midzi ipatsidwe mphamvu. Koma ukangovomereza, ankatembenuka. Ankati nyama zimene zatsala pang'ono kutha, monga chipembere, ngaka ndi mimbulu, zisachoke m'manja mwa boma, chifukwa mudzi ndi chibale, ndipo chibale chimamanga lilime.

Amene ankalimbana nawo kwambiri pa nkhaniyi anali a Kamwendo, mkulu wa mpingo wathu, bambo wa ku Zomba wogwira ntchito m'wodi ya odwala maganizo. Tikamamwa tiyi mapemphero atatha, awiriwa ankakokera mipando pakona.

"Madala, inu ndinu mleme," ankatero a Kamwendo. "Kwa mbalame muliko, kwa mbewa muliko. Sankhani kumodzi. Nyamazi ndi za boma kapena ndi za anthu?"

"A tcheya, inu kwanu nyama yaikulu ndi nyani wa m'phiri," ankayankha Agemu. "Dikirani ndikufotokozereni."

Ndiye ankafotokoza mpaka wosamalira holo atabwera kudzagwedeza makiyi.

Makiyi amenewo ndiwo anali chilonda chathu. Kwa zaka zambiri tinkapemphera m'holo ya sukulu ina ku Nechells. Nthawi ikakwana tinkasanjikiza mipando nyimbo ili m'kamwa. Ukwati tinkachita kupempha malo kwa eni mipingo ina. Choipitsitsa chinali maliro: tinalibe posonkhana, moti tinkapanikizana m'mafulati, aneba n'kumagogoda khoma. A Kamwendo anayenda m'maofesi kwa zaka ziwiri, pa masiku awo opuma, mpaka anapeza bwalo la kafakitale kotsekedwa, ndipo khonsolo ya mzinda inavomereza pulani yathu yomangapo holo. Amayi ambiri tinkatenga mashifiti owonjezera chifukwa cha holo imeneyo. Tsiku limene a Kamwendo anakweza kalata ya khonsolo kutsogolo kwa mpingo, nthungululu zinamveka mpaka pamsewu, ndipo Agemu anali m'gulu la amene anavina.

Popeza iwo okha ndiwo anali ndi mpata pakati pa sabata, anapatsidwa makiyi a geti kuti azikatchetcha. Kuseri kwa bwalolo kunali dzenje limene a fakitale ankasungiramo madzi. Linali litamera mabango ndi udzu wa m'madzi. Pa pulani, pamenepo panali khitchini ndi poimika magalimoto. Tsiku lina, nyengo yozizira ya kuno ikutha, Agemu anatukula lata lakale limene linagwera m'mbali mwa dzenjelo ndipo anapeza tizilombo tonga abuluzi, takuda, ta khungu la tiziphuphu, kumimba kwachikasu kokhala ndi mawanga. Kuno amatitcha manyuti. Iwo anatizindikira nthawi yomweyo, chifukwa m'maulendo awo a ku ngalande anali ataona chithunzi chake pa bolodi, n'kukopera m'kabuku mawu onena kuti mtundu umenewu ukusowa, ndipo lamulo la dziko lonse limaletsa kuupha kapena kukwirira madzi amene umaswaniramo.

Anayamba ndi kuuza Esinati. Iye anandiuza pambuyo pake kuti anawagwira mkono. "Bambo, chonde. Tili m'dziko la eni. Simunaone kanthu. Anthu avutikira malo amenewa."

Agemu anapita kwa a Kamwendo. Poyamba a Kamwendo anaseka mpaka kupukuta misozi. Koma atafunsa mnzawo wina womanga nyumba, kuseka kunatha. Anauzidwa kuti nkhaniyo ikangomveka, ntchito idzaima chaka kapena kuposerapo, ndipo chilolezo cha khonsolo sichingathandize chifukwa nyama zotere zili m'manja mwa boma lalikulu. Mnzawoyo anawalangiza kuti akwirire dzenjelo msanga munthu wina asanaone. A Kamwendo sanauze mpingo zimenezi. Anangolengeza kuti Loweruka kuli ntchito yachitukuko pa bwalo, ndipo kubwera lole ya zibuma.

Loweruka limenelo ndinalipo. Kunkazizira, ndipo amayi tinabwera ndi tiyi m'mafulasiki. Lole itabwerera chambuyo kulunjika kudzenje, woyendetsa anaima n'kutulutsa mutu pawindo. Agemu anali ataima m'madzi, atavala majombo, madzi akulekeza m'maondo. Sanakweze manja, sanakuwe. Anangoima, manja ali kumbuyo.

A Kamwendo anapita m'mphepete. "Madala, tulukani mmenemo. Mudwala chibayo."

"Ndituluka lole ikachoka."

"Khonsolo yavomereza. Pepala ndili nalo m'thumba muno."

"Khonsolo sinatukule lata lija, a tcheya. Ndinatukula ndine."

Anthu anali atasiya mafosholo n'kuyandikira. Ambiri tinali tisakudziwa chimene chikuchitika, mpaka a Kamwendo anatembenukira kwa ife.

"Abale, mukumva? Nyumba ya Mulungu iime chifukwa cha abuluzi. Abuluzi oti sadyedwa, sagulitsidwa, palibe amene anawaonapo." Kenaka anabwerera kwa Agemu. "Si inu nomwe mumatiuza Lamlungu lililonse kuti bwana wokhala kutali asamalamule anthu amene akumva kuwawa? Khonsolo ili pompano, ikudziwa chimene Nechells ikusowa. A ku London anapondapo pa bwalo lino? Lero mwasanduka munthu wawo?"

Ndinaona kuti mawuwo awalasa Agemu, chifukwa anali awo omwe.

"Mwanena zoona," anatero. "Ndimatero, ndipo sindisintha. Koma pali theka lina limene sindinakuuzeni chifukwa chake."

Analankhula ndi mawu awo otsika aja, moti tinachita kuunjikana kuti timve. Anati chaka china cha njala, ali pa patulolo m'mawa, anapeza mapazi a munthu akutsata chipembere chachikazi chimene chinali ndi mwana. M'dera lawo lonse zipembere zinali zitatsala zoti ungaziwerenge ndi dzanja limodzi. Mapaziwo anawazindikira: nsapato za tayala, phazi lamanzere lokoka pang'ono. Anali a mlamu wawo, mchimwene wa akazi awo, munthu amene njovu zinamudyera munda wonse chaka chomwecho, boma osamupatsa ngakhale chitini cha chimanga. Lamulo linkafuna kuti alembe m'buku ndi kuuza akuluakulu. Iwo anafufuta mapaziwo ndi nthambi. Madzulo ake anapita kwa mlamuyo, anadya naye, anamuchenjeza mwachibale, iye n'kulumbira kuti sadzabwererako.

"Patatha masabata atatu tinatsogozedwa ndi miimba," anatero. "Tinachipeza chitagona chammbali, nkhope atasema ndi nkhwangwa. Kamwana kanali kataima pompo, kakugunda mayi wake ndi mutu kuti adzuke. Tinayesa kukamwetsa mkaka wa m'chitini. Kanatha masiku anayi. Kuchokera pamenepo ndinagwira ntchito zaka zina zambiri, koma sindinapondenso ndowe ya chipembere."

Esinati anali ataima pafupi nane, ndipo ndinazindikira pa nkhope yake kuti nayenso akumva nkhaniyi koyamba, ndiponso kuti amalume ake amene akunenedwawo akuwadziwa.

"Mlamu wanga sanali munthu woipa," anapitiriza Agemu. "Ana ake ankagona ndi njala. Inunso si anthu oipa, ndipo holoyi ndikuifuna ngati inu. Koma ndinakhalapo chete kamodzi chifukwa cha anthu anga. Ndikukuuzani pamaso, kuti musadzafunsane kuti anatiulula ndani. Lolemba ndikupita kukanena. Ndine."

A Kamwendo anawayang'ana nthawi yaitali. "Chipembere ndi buluzi n'zosiyana, madala."

"Kwa ife n'zosiyana. Kwa Amene anazipanga sindikudziwa."

A Kamwendo anatembenuka. Anapita kwa woyendetsa lole n'kumuuza kuti akhuthule zibumazo pafupi ndi geti. Atatero analowa m'galimoto mwawo n'kuchoka osatsanzika munthu. Ine ndi Esinati tinawagwira Agemu uku ndi uku potuluka m'madzimo. Miyendo yawo inali itauma, ndipo jombo imodzi inatsalira m'matope.

Lolemba anakwera basi kupita ku ofesi ya khonsolo. Kumeneko anawauza zomwezo, kuti nkhani ya nyama zosowa si yawo, ndipo anawalembera nambala ya ofesi ya boma. Chingerezi chawo chinali chabwino powerenga, koma pa foni azungu akuno sankawamva, iwonso osawamva. Anapempha Esinati kuti awaimbire. Iye anakana, anakwera kuchipinda n'kutseka chitseko. Iwo anakhala patebulo ndi kapepalako, osadya, osavula jekete. Patapita maola awiri Esinati anatsika, maso ali ofiira, anatenga kapepalako n'kuimba foniyo.

Ntchito inaimadi. Sindibisa, nanenso ndinakwiya. Kwa miyezi ingapo moni wanga kwa iwo unali wa pakamwa pokha. Ena anasiyiratu kuwapatsa dzanja. Anawapatsa dzina lina, lakuti m'busa wa abuluzi, ndipo linkanenedwa mokweza kuti amve. Pa nthawi ya tiyi mpando wa pakona uja unkakhala ndi munthu mmodzi. Esinati, amene ankatsogolera nyimbo za amayi, anapezeka kuti sakuuzidwanso masiku okonzekera. Agemu sanajombe Lamlungu ngakhale limodzi. Ankafika oyamba, kuyala mipando ya anthu omwe sankawalankhulawo, n'kukakhala kumbuyo.

M'chaka chodikiracho amuna a Mayi Tembo anamwalira mwadzidzidzi. Tinasonkhana m'fulati mwawo, pansanjika yachinayi, anthu ambiri kuposa amene chipinda chikanatha kunyamula. Aneba anadandaula, ndipo anatiuza kuti tisiye kuimba. Maliro opanda nyimbo ndinawaona tsiku limenelo. Agemu sanalowe. Anaima pamasitepe kuyambira m'mawa mpaka madzulo, akutsegulira anthu chitseko ndi kuwalozera njira. Mayi Tembo atatuluka kuti apume mpweya anawapeza pamenepo.

"Bambo," anatero mayiwo, osakweza mawu, "mukanakhala chete, bwenzi amuna anga tikuwaimbira m'holo yathu."

Ndinali pafupi, ndipo ndinkayembekezera kuti afotokoza za lamulo. Iwo anavula chipewa n'kuwerama.

"Ndi zoona, mayi. Pepani."

Mayi Tembo anawayang'ana, n'kubwerera m'nyumba. Patapita kanthawi anatumiza kapu ya tiyi kumasitepeko.

A boma anatumiza mayi wina wachizungu wokhala ndi chilolezo chogwira tizilomboto. Ife tinkangomutcha mayi wa manyuti. Chigamulo chinali chakuti dzenje lakale likhoza kukwiriridwa, koma pokhapokha dziwe latsopano litakumbidwa pakona ya bwalo, ndipo manyuti onse atasamutsidwa. Anazinga malowo ndi kampanda kapulasitiki kolekeza m'maondo, n'kukwirira ndowa m'mbali mwake kuti tizilombo tikamayenda tizigweramo. Ndowazo zinkafunika kuonedwa m'mawa uliwonse kwa masabata ambiri. Mayiyo atazindikira kuti mkulu wovala jekete la matumba uja si mlonda wa pageti wamba, anayamba kugwira naye ntchito. Iye ankagwira, iwo ankalemba. Anawaonetsa kuti mawanga a kumimba amasiyana, palibe awiri ofanana. Agemu anati ndi mmenenso zilili ndi makutu a njovu, iliyonse ili ndi kung'ambika kwake. Posakhalitsa ankajambula mawangawo m'kabuku, ndipo ankatha kunena kuti aka tinakaonapo Lachiwiri. Mayiyo akayang'ana pa zithunzi zake ankapeza kuti n'zoona.

Masabata amenewo ndi amene ndinawaona Agemu ali osangalala kwambiri m'zaka zawo zonse za kuno, ngakhale kuti ndi nthawi yomweyo imene anali opanda mnzawo. Tsiku lina ndikuchokera kuntchito ndinapatukira kumeneko kukasiya makiyi a shedi, ndipo ndinapeza galimoto ya a Kamwendo pageti. Anali ataima chapatali, manja m'matumba, akadali ndi baji ya kuntchito pachifuwa. Anaonerera ndowa zitatu zikuunikidwa. Pa yachinayi anayandikira.

"Tandionetsani chinthu chimene chatidyera khitchinichi."

Mayiyo anatukula kamodzi ka tizilomboto m'dzanja lonyowa n'kukatembenuza. Kanali kamphongo, kokhala ndi lipombo la manomano pamsana. A Kamwendo anawerama, anavula magalasi, anavalanso.

"N'konyansa ndithu," anatero.

"Chipemberenso sichinali chokongola," anayankha Agemu. "Tagwirani bukuli, manja angawa azizira. Lembani kuti ndowa yachinayi, wamwamuna mmodzi."

A Kamwendo analemba. Anatsatira mpaka ndowa yomaliza. Palibe amene anapepesa mnzake, tsiku limenelo kapena lina lililonse. Koma Lamlungu lotsatira mkangano wa pakona unayambiranso, ndipo tsopano a Kamwendo anali ndi chida chatsopano. Ankati Agemu ndi munthu wa boma lalikulu wobisala m'chikopa cha munthu wa kumudzi. Agemu ankayankha kuti lamulo labwino n'lofunika maso awiri, lina loona pafupi, lina loona patali, ndipo vuto n'lakuti diso lililonse limadziyesa mutu wonse. Ankaonjeza kuti a ku London akanakhala okha sakanadziwa n'komwe kuti ku Nechells kuli lata loti litukulidwe.

Holo inamangidwa, yocheperapo kusiyana ndi ya pa pulani yoyamba. Khitchini yake muli malo a anthu awiri okha, ndipo magalimoto timaimika mumsewu. Amayi akamagundana zigongono potsuka makapu, dzina la Agemu limatchulidwabe, ndipo si nthawi zonse pamene limatchulidwa mwachikondi. Pa tsiku lotsegulira iwo anabwera pa njinga ya odwala, chifukwa impso zinali zitayamba kale kuwavuta. Anawonda mpaka jekete lija linkaoneka ngati lobwereka.

M'masabata awo omaliza anagonekedwa m'chipatala chathu, ndipo ndinkapita kukawaona pa nthawi yopuma. Anapempha bedi la pawindo, ngakhale kuti panja pankangooneka denga la nyumba ina ndi nkhunda. Nkhundazo anazidziwa imodziimodzi. Tsiku lina anandifunsa ngati ndinawakhululukira. Ndinati palibe choti ndikhululuke. Anandiyang'ana ndi diso lija ankayang'anira nalo pansi, n'kunena kuti mapazi anga a chaka chija ankawawerenga bwinobwino, ankapatuka ndikawaona. Ndinaseka, kenaka ndinalira, iwo n'kumandisisita dzanja ngati wodwala ndine. Anandiuzanso kuti mlamu wawo uja anamwalira kalekale, ndipo anakumba nawo manda ake. Anati akamaganiza za m'mawa umene anafufuta mapazi aja, masiku ena amadziimba mlandu chifukwa chosalemba m'buku, masiku ena amaimba mlandu boma limene linasiya munthu ndi njala pafupi ndi nyanga yodula chotero. Anati afika kumapeto asanagamule mlanduwo.

Maliro awo anali achiwiri kulowa m'holo yathu. Tinaimba mpaka mawu kusasa, ndipo palibe amene anagogoda khoma. Mayi Tembo ndiwo anayambitsa nyimbo yoyamba. A Kamwendo anayendetsa mwambo wonse, koma itafika nthawi yoti anene mbiri ya malemu, anaima kutsogolo ndi pepala m'manja, anatsegula pakamwa kawiri, n'kupereka pepalalo kwa abusa. Thupi linapita kwawo ku Kasungu, kukagona pafupi ndi akazi awo. Kuno tilibe manda oti tikaikepo maluwa.

Mapemphero a Lamlungu lapitali atatha, ndinazungulira kuseri kwa holo. Dziwe lili pakona, pakati pa khoma lathu ndi mpanda wa fakitale yoyandikana nayo, ndipo ndi laling'ono moti ungaponye mwala kutsidya uli chikhalire. Analitchinga ndi waya, ndipo pakageti pali loko. Chilolezo chimene tinapatsidwa chimati udzu wa mkatimo usamatchetchedwe wamba, choncho wakula mpaka m'chiuno. Kuchokera pakageti kukafika m'mphepete mwa madzi panali kanjira kopapatiza, ka phazi limodzi, kamene munthu mmodzi anakaponda m'mawa uliwonse mpaka miyendo itakana. Kumapeto kwake kuli njerwa ziwiri zosanjikiza pamene ankakhala. Njerwazo zilipobe, zamera ndere. Kanjirako ndinakafufuza ndi maso nthawi yaitali, nditagwira waya. Pafupi ndi geti kakuonekabe pang'ono, ngati mzere wa tsitsi lopesa. Kupitirira apo udzu watsekerana.